Nkhoswe ya Changa Inachokera Kumwamba

Padangokhala. Amene muli nane nenani kuti tili tonse, amene muli ndi tulo kagoneni, sindikakamiza munthu.

Panali Changa, kanyama ka maso aakulu kaja kogona usana, ndipo anakwatira kumudzi kwa anyani. Musandifunse kuti zinatheka bwanji. Mkazi wake anali Nasoko, nyani wa mapewa ake, woti akayetsemula mwamuna wake amayamba wagwiritsa nthambi. Anali ndi ana awiri, Ndaziona ndi Kadzanja, maso a bambo awo, njala ya kuchimayi.

Changa anali mkamwini. Ine ndinakhalapo pachikamwini zaka zinayi, ndiye izi sindikunena zomva. Mkamwini akalima ati walima pang'ono, akadya ati wadya kwambiri, akatsokomola ati akutitukwana. Tsono Changa analinso ndi lake vuto, loti usana samadzuka. Anzake akapita kukathyola chimanga m'minda ya eni, iye ali phee m'mphako. Ntchito imene anamupezera inali yosenda chimangacho madzulo ndi kukataya makoko.

Mwinimbumba anali a Nkhwere, malume ake a Nasoko. Tsiku lina anamuitanitsa mkamwiniyo. Changa anagwada kuseri kwa tsinde, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi.

"Akamwini, muli kuseriko?"

"Ndili konkuno, apongozi."

"Zaka zingati chibwerereni?"

"Zitatu."

"Zaka zitatu, wachibale wanu sitinamuonepo ngakhale mmodzi. Ukwati uno nkhoswe yake ndani? Mukadwala tikauze yani? Mukafa tikuikeni ngati yani?"

"Abale anga ali kutali, apongozi."

"Kutali kulinso ndi njira. Mwezi uwu ukafa wachibale wanu asanafike kudzakhala nkhoswe, muone msana wa njira. Ana ndi athu, mukudziwa."

Changa ankadziwa. Ankadziwanso kuti wachibale alibe. Moto wa m'tchire unatenga a kwawo onse iye ali wakhanda, ndipo anakulira m'mphako za eni. Anawerenga masiku a mwezi, napeza kuti atsala asanu ndi awiri oti azigona ndi ana ake.

M'mudzimo munali mwambo. Dzuwa likangolowa, a Kadzidzi, mkulu wa zakumwamba, amene ankauza mudzi nthawi yodzala ndi yokolola, ankakwera pachitsa n'kuyambitsa nyimbo ya nyenyezi. Iwo ankatchula nyenyezi imodzi imodzi, ndipo mudzi wonse unkavomera ndi mawu amodzimodzi, onena kuti imeneyo ilipo, ili pamalo pake, palibe yasowa, palibenso yawonjezeka. Nyimboyo inali yakale moti a Kadzidzi ankaimba atatsinzina.

Madzulo amenewo Changa ankasenda chimanga chake panthambi, mtima uli kwina. Nyimbo inafika pa nyenyezi zitatu zija zondondozana, zimene amazitchula kuti Akamwini, poti zimayenda motsatana ngati akamwini opita kumunda kwa apongozi. Iye anakweza maso kuti aone anzakewo. Pambali pawo panali kachinayi, kakang'ono, kotumbuluka.

Anatikita maso. Kanali pomwepo.

"Mayi a Ndaziona, Akamwini aja ndi angati?"

"Atatu," anatero Nasoko osayang'ana n'komwe.

"Lero alipo anayi."

"Ndiye kauzeni a Kadzidzi. Ine ndikusambitsa ana."

Changa anapita, nadikira kuti nyimbo ithe.

"Akuluakulu, kwatuluka nyenyezi yatsopano, pambali pa Akamwini."

A Kadzidzi anatsegula diso limodzi, koma analitsegulira Changa, osati kumwamba. Kenaka anatsinzinanso n'kuimba nyimbo yonse kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ndipo amene anali pafupi anavomera kuti palibe yasowa, palibe yawonjezeka.

"Mwaimva nyenyezi yanuyo m'nyimbomo?"

"Ayi."

"Ndiye kulibe. Mwaona chiphaniphani."

Changa sanatsutse. Anabwerera panthambi pake, natola khoko limodzi lam'kati, lopyapyala lija, n'kuliika padiso. Kanyenyeziko kanaonekera. Anasanja makoko awiri, kanasowa. Anabaya khoko limodzilo pamunga n'kupitiriza kusenda.

Mawa lake madzulo anayesanso. Limodzi, inaonekera. Awiri, inaonekera. Atatu, inaonekerabe. Pa anayi m'pamene inasowa. Anabaya atatuwo pamunga wachiwiri, ndipo ulendo uno anapita kwa a Nkhwere, nagwada kuseri kwa tsinde lija.

"Apongozi, kwatuluka nyenyezi yatsopano, ndipo ikukula."

"Waiona ndani?"

"Ine."

"Eni mudzi tisanaione?"

"Zangochitika, apongozi."

"Mkamwini saona chinthu eni mudzi asanachione. Muli ndi chitsotso m'diso. Maso aakuluwo amatola zambiri."

"Mwina mutangokweza mutu pang'ono."

"Ndikweze mutu chifukwa mwanena inu? Akamwini kumwambako alipo atatu, ndipo atikwana. Wachibale uja wanyamuka?"

Kuchitsa kuja nyimbo inali mkati, ndipo mudzi unavomera mwamphamvu kuti palibe yawonjezeka.

Tsiku lachitatu nyenyezi ija inapyola makoko asanu. Apa panalibenso zofunsa maso a Changa. Inatuluka nkhuku zisanakwere, yoyamba pa zonse, ndipo ana anayamba kuiloza. Amayi awo ankawamenya timanja, koma iwonso akuba maso. A Kadzidzi anakwera pachitsa, natsinzina, nayamba nyimbo. Inayenda bwino mpaka pa Akamwini. Pamenepo mudzi unangoti zii, ndipo amene anavomera anali gogo wina wogontha yekha. A Kadzidzi anabwereza. Zii. Anatsegula maso onse awiri, nayang'ana kumwamba koyamba pa zaka zambiri, ndipo anatsika pachitsapo osatsazika.

Mlandu unalowa m'bwalo tsiku lachinayi, dzuwa litangolowa. Woweruza anali a Njiri, munthu wachilungamo ndithu, koma khosi lawo silinkawalola kuyang'ana kumwamba, ndipo chibadwireni nyenyezi ankangozimva m'nyimbo. Anakana kuweruza chinthu chimene sanachione. Anyani anayi anawagwira miyendo n'kuwagoneka chagada pamphasa, ndipo mlandu wonse anauzenga ali choncho, miyendo m'mwamba.

"Zilipo zambiri," anatero a Njiri. "Yolakwayo ndi iti?"

Anawalozera.

"A Kadzidzi, tiuzeni."

"Dzana kunalibe," anatero a Kadzidzi. "Dzulo inali ngati njere ya mapira, lero ngati dzira. Ikapitiriza chonchi, pofika sabata lamawa tidzakhala ndi madzuwa awiri, lina la usana lina la usiku. Chimanga chidzapsera m'munda, ndipo ine sindidzagonanso."

Anyani anayamba kung'ung'udza. Ena anabisa ana kumsana.

"Chabwino," anatero a Njiri. "Chinthu chimene chafika pamudzi osanena odi ndi mlendo. Mlendo sakhala wopanda mwini, ndipo mwini wake ndi amene anayamba kumuona. Akathyola kanthu, amalipa ndi iyeyo. Tsono anayamba kuiona ndani? A Kadzidzi, si ntchito yanu imeneyi?"

"Ine ndinali nditatsinzina. Mboni zilipo. Anabwera kudzandiuza ndi Changa, tsiku loyamba lenileni."

"A Nkhwere, inu eni mudzi?"

"Ine mutu sindinakweze n'komwe. Anaiona ndi mkamwini wanga. Maso ake ndi akuthwa kwambiri, ndakhala ndikunena."

Mwawamva anthu? Ndi omwewa.

"Ndiye mlendoyu ndi wa Changa," anagamula a Njiri. "Mwezi watsala masiku atatu kuti ufe. Pofika tsiku limenelo akhale atamuchepetsa mlendo wakeyo. Apo ayi, anyamuke, mwina mlendoyo adzamutsatira."

A Nkhwere anagwedeza mutu mokhutira. Masiku ake anali omwe aja, kungoti tsopano anali ndi zifukwa ziwiri.

Changa anali atakhala kumapeto kwa bwalo ndi mtolo wa makoko. Nthawi yonse imene akuluakulu ankalankhula, iye ankasanja makoko padiso. Lero inapyola asanu ndi limodzi, osati asanu ndi awiri. Anaombera m'manja mwaulemu.

"Ndikuvomera, akuluakulu. Mlendoyu ndi wanga."

"Simukudandaula?"

"Ndidandaule chiyani? Ndi malume anga."



"Malume anu," anatero a Nkhwere.

"A Kuwalira, achimwene awo a mayi anga. Munati wachibale abwere mwezi usanafe, ndiye ndinatuma mawu. Ndinakuuzani kuti kwathu n'kutali. Taonani maso angawa, kenaka muwaone iwo. Ife kwathu timafanana."

Anyani anayang'ana maso a Changa, nayang'ana nyenyezi. Ena anayamba kuvomereza ndi mitu.

"Nanga akukuliranji?" anafunsa a Njiri.

"Akutupa ndi mkwiyo. Afika masiku anayi apitawo. Tsiku loyamba anatchedwa chiphaniphani. Lachiwiri anatchedwa chitsotso. Palibe wawapatsa mphasa, palibe wawapatsa madzi, ndipo madzulo alionse mudzi wonse ukuwaimbira pamaso kuti kulibe. Inu mukanatani?"

"Ndikanatupa," anavomera a Njiri.

Kenaka Changa anawasonyeza a Njiri kayesedwe kake. Anawasanjira makoko asanu ndi limodzi padiso, nyenyezi inaonekera. Anawonjezera limodzi, inasowa. A Njiri anati bwalo laona, ndipo muyeso wake ukhala umenewo. Atatero anapempha kuti awatembenuze, poti mutu unayamba kulemera.

Ana atagona, Nasoko anakhala patsinde, mwamuna wake panthambi ya pamwamba pa mutu wake.

"Bambo a Ndaziona, inu mulibe malume."

"Ndikudziwa."

"Ndiye n'chiyani chimenecho?"

"Sindikudziwa. Koma taonani mingayi." Anamuonetsa makoko obayidwa aja. "Limodzi, atatu, asanu, asanu ndi limodzi. Poyamba imalumpha awiri awiri, lero yalumpha limodzi. Ikutopa. Mawa ikaima pomwepo, ndidziwa kuti ikubwerera, ndipo ndidzawauza tsiku loti malume aphwe."

"Ikapanda kuima?"

Changa anayang'ana kumene kunagona ana.

Mawa lake kunabwera mitambo. Changa anakhala panthambi ndi makoko m'manja, koma panalibe choyesa. Tsiku lotsatira mitambo inali yomweyo. A Kadzidzi anaimbabe nyimbo yawo, ndipo poti kumwamba kunalibe chowatsutsa, mudzi unavomera bwinobwino mpaka kumapeto. Changa sanagone usana umenewo, chinthu chimene sichinachitikepo. Mantha anamugwira zenizeni, ndipo ine sindimuseka, poti ndikudziwa mmene mphasa yapachikamwini imapepukira akakuuza kuti uipinde.

A Nkhwere anabwera okha, naima kutsogolo kwa tsinde. Changa anathamangira kuseri.

"Akamwini, mawa ndi tsiku lomaliza. Malume anu akuti chiyani?"

"Afunda bulangete, apongozi. Sakufuna kuona munthu."

"Ndiye tiyambe kukupindirani mphasa?"

Changa sanadziwe ngati kuseri kwa mitamboko chinthucho chinaima, chinachepa, kapena chinafika pa makoko khumi. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Akuti iwo anabwerera chinkhoswe. Muwayalire mphasa, mukhale nawo pansi monga nkhoswe ya kuchikazi, mulandire ukwati pamaso pa bwalo. Mukatero aphwa usiku womwewo."

"Usiku womwewo."

"Ndi mmene anenera."

"Chabwino. Tambala wa kuchimuna abweretsa?"

"Achokera kutali, apongozi. Tambala anafera panjira. Akuti muwabwereke."

A Nkhwere anakukuta mano, koma madzuwa awiri ankawaopa nawonso. Anapita kukafunafuna tambala ndi msoti womwe. Popita anatola khoko limodzi pamulu wa Changa, nati ili ndi lachisanu ndi chiwiri, ndilisunga ndekha.

Tsiku lachinkhoswe mitambo inang'ambika dzuwa likulowa. Nyenyezi ija inatuluka yoyamba, ndipo kwa maso wamba inali chimodzimodzi, kapenanso yokulirapo. Changa sanayerekeze kuyesa, poti a Nkhwere ankamuyang'anitsitsa. Anyani anayala mphasa ziwiri. Pa ina panakhala a Nkhwere, inayo inangokhala yokha ndi chikho cha madzi pambali. A Njiri anagonekedwa chagada pakati.

A Nkhwere anagwada, nakweza mutu, nayamba kulankhula ndi kumwamba.

"Takulandirani, a Kuwalira. Mwayenda bwanji?"

Nyenyezi inaphethira.

"Akuti ayenda bwino, koma afikira m'manja moipa," anatanthauzira Changa ali kuseri kwa tsinde.

"Pepani. Sitinakudziweni. Ife mwana wanu tinamulandira, ndipo tikukhala naye bwino."

Inaphethiranso.

"Akuti chiganizo chachiwiricho sanachimve bwino."

"Tikhala naye bwino," anakonza a Nkhwere. "Ukwati wa Changa ndi Nasoko taulandira. Nkhoswe ya kuchimuna ndinu, ya kuchikazi ndine. Akayambana tidzakhala pansi inu ndi ine. Sadzachotsedwa pamudzi pano popanda mawu anu."

"Bwalo lamva," anatero a Njiri. "Sinthanani nkhuku."

A Nkhwere anatenga tambala wawo n'kudzipatsa okha m'malo mwa a Kuwalira, kenaka anaika msoti wawo pamphasa yopanda munthu ija. Nasoko anautola nati awasungira malume.

"Tsopano makoko," anatero a Nkhwere, natulutsa lawo lija.

Anawasanja okha asanu ndi awiri padiso la a Njiri.

"Mdima," anatero a Njiri.

Anachotsa limodzi. Manja a Changa anagwira tsinde mpaka zala zinawawa. Nasoko anakumbatira ana onse awiri ndi mkono umodzi.

A Njiri anachedwa. Anapempha kuti awasunthe mutu pang'ono. Anatsinzina diso linalo.

"Mdima."

Anachotsa lina, natsala asanu.

"Iyo. Yaonekera. Malume aphwa ndi khoko limodzi."

Mudzi unalulutira. A Kadzidzi anati iwo ankadziwa kale kuti nyenyezi za mtundu umenewu zimafuna ulemu. A Nkhwere anapinda mphasa yawo. Changa anatsetsereka patsinde lija n'kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo a Kuwalira anayamba kuchepa, osati mothamanga ngati mmene anakulira, koma pang'onopang'ono. Sabata imodzi makoko anayi, ina atatu. Changa ankagona usana wonse popanda womudzutsa, ndipo madzulo ankapatsidwa chimanga chosenda kale. A Kadzidzi anatha mwezi wathunthu akupeka ndime yatsopano yoti malumewo alowe m'nyimbo. Pamene ankaimaliza, nyenyeziyo n'kuti ikuvuta kupyola ngakhale khoko limodzi, ndipo ndimeyo inaimbidwa kawiri kokha.

Kenaka madzulo ena Changa anayang'ana pambali pa Akamwini, ndipo panalibe kanthu. Anayang'ana mawa lake, ndi mkucha wake. Sanauze munthu. Koma a Nkhwere tsopano anali ataphunzira kukweza mutu, ndipo ankaukweza tsiku lililonse.

Anaitanitsa bwalo. Anabwera atadzimanga nsalu m'chiuno ngati wopita kumaliro, nkhope ili yachisoni, koma mchira ukusewera.

"Akuluakulu, ndabwera ndi uthenga wowawa. Nkhoswe mnzanga, a Kuwalira, atisiya."

A Njiri anagonekedwa chagada, nafunafuna, natsimikiza kuti pamalopo palibe munthu.

"Pepani, a Changa," anatero.

"Tsono mwambo mukuudziwa," anapitiriza a Nkhwere. "Malume akamwalira, wolowa dzina lawo ndi mwana wa mlongo wawo. Ife sitingamutsekereze mkamwini wathu. Sitikumuchotsa ayi, tinalonjeza. Tikungomumasula kuti apite akalowe m'malo mwa malume ake. Anyamuke lero, maliro sadikira."

"Mwambo ndi umenewo," anavomera a Njiri. "A Changa, a Kuwalira anali ndi mphwawo wina?"

Changa anauona msamphawo. Akanati sanali malume ake, chinkhoswe chija chikanafa pomwepo. Akanati anali malume ake, njira inali yotsegula. Bodza lake lomwe linamutchinga uku ndi uku. A Nkhwere anali atayamba kale kumupindira mphasa ndi manja awo, ntchito imene mwinimbumba sagwira.

Kenaka Changa anagwira mutu n'kuyamba kulira maliro, mofuula, ngati mwana wakhanda. Analira kanthawi ndithu, ndipo akulira choncho ankaganiza. Atamaliza anapukuta maso.

"Ndipita, akuluakulu. Ndingofunsa kuti ndisakalakwitse mwambo, poti ndine mwana. Wolowa dzina la malume amakhala ndani?"

"Mwinimbumba," anatero a Njiri. "Mwini mudzi wa kwawo."

"Mwini mudzi amakhala pachikamwini?"

"Ayi. Angasiye bwanji mudzi?"

"Nanga mkazi wake amakhala kuti?"

"Amamutenga chitengwa, akakhala naye kwawoko. Bola ukwatiwo ukhale wa ankhoswe."

"Wathuwu ndi wa ankhoswe?"

"Ndinauona ndekha, msana uli pansi."

A Nkhwere anasiya kupinda mphasa.

"Ana ndi athu," anatero.

"Ndi anu ndithu," anayankha a Njiri. "Dzina la mbumba ndi lanu, akadzakula adzabwera kudzakuonani. Koma ana aang'ono amagona kumene kwagona mayi awo. Chatsala n'kumufunsa mwini wake. Nasoko, upita kapena utsala?"

Onse anatembenuka. Nasoko anali ataima kumbuyo kwa bwalo, Kadzanja ali kumsana, Ndaziona pambali, mtolo uli pamutu, msoti uja uli m'khwapa.

"Ndinamanga akuyamba kulira paja," anatero.

"Mwana wa mlongo wanga, kumene ukupitako ukukudziwa?" anafunsa a Nkhwere, poti Nasoko anamulera okha.

"Sindikukudziwa, malume. Kuno ndiye ndikukudziwa."

Anatenga mphasa ija m'manja mwawo, nathokoza kuti aipinda bwino.

Ananyamuka madzulo omwewo. Wopita kumaliro a malume ake satuluka m'mudzi ali chete, choncho Changa anayambanso kulira, akuitana a Kuwalira, akufunsa kuti amusiyira yani. Anyani anawaperekeza mpaka pamalire, ndipo ena analira nawo. Kumbuyo kunamveka a Kadzidzi akuyambitsa nyimbo, koma ovomera anali ochepa.

Anayenda, Nasoko patsogolo, Changa akudumpha m'nthambi pamwamba pake, kulira osaleka. Nyimbo ija inasiya kumveka. Anayendabe.

"Bambo a Ndaziona, lekani tsopano. Tafika patali, sakukumvani."

Changa sanaleke.

"Ndati lekani, ana achita mantha. Mwapambana. Ana ndi awa, ine ndili pano."

Changa anatsika panthambi n'kukhala pakati pa njira. Misozi inali yeniyeni.

"Ndikudziwa kuti linali bodza langa," anatero. "Koma mayi a Ndaziona, chibadwireni ine, palibe wina anabwerapo kudzandiona."

Nasoko anatula mtolo. Anasunthira Kadzanja mbali imodzi, nanyamula mwamuna wake n'kumubereka kumsana komweko, namanga nsalu pa onse awiri. Anasenzanso mtolo wake, nagwira dzanja la Ndaziona, ndipo anapitiriza ulendo.

Mukadzamva Changa akulira ngati khanda pamwamba pa mtengo, musamugende, ali pamaliro.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione yekha, ine yanga ndinadya kale.